Ulemu Upite kwa Bambo Ndilipompano

Dziko lino limadziwa kulemekeza anthu ake. Ena nkhope zawo zili pa ndalama, ena tinawatchulira misewu ndi zipatala. Koma alipo akulu ena ogwira ntchito usana ndi usiku, osadziwa tchuthi, amene mpaka lero palibe nduna yomwe inawagwirapo chanza. Mwina vuto n'lakuti palibe akudziwa kokawapeza. Ndikunena Bambo Ndilipompano, amalonda a pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp, amene amatha kugulitsa katundu mmodzi ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu pa ola limodzi lomwelo.

Timamva za afiti okwera lichero, onyamuka kumudzi usiku n'kukafika ku Joni tambala asanalire. Koma ndege ya lichero ili ndi ngozi zake. Akuti mafuta akatha imagwera padenga la eni, woyendetsa n'kupezeka ali mbulanda m'mawa, mudzi wonse ukuonerera. Ya a Ndilipompano siigwa. Ndege yawo ndi kabokosi kakang'ono ka pa foni, pomwe wogulitsa amafunsidwa kuti katundu ali kuti. Msika wa Marketplace, womwe Facebook inatsegula mu 2016, unakonzedwa kuti anthu azigulana zinthu ndi oyandikana nawo, n'chifukwa chake umayamba kukuonetsa zomwe zili kufupi ndi iwe. Koma dzina la malo amalemba ndi mwini malonda. Sipafunika kalata ya a mfumu, sipafunika mboni. Akalemba Area 47, ndiye kuti ali ku Area 47. Akafufuta n'kulemba Namiwawa, asamuka, osalipira lole, osaswa ngakhale kapu imodzi.

Nzeru zawo zagona poti amatidziwa bwino. Kwathu kuno munthu timamukhulupirira tikadziwa pakhomo pake. Ukagula foni pa benchi mu msika wa Tsoka kapena ku Limbe, mtima umakhala m'malo chifukwa ikavuta mawa ukamupeza mwini wake pa benchi pomwepo, anzake akumva mkangano wonse. A Ndilipompano anaona kuti chinthu chamtengo wapatali pa malonda ndi uneba, ndipo ndi umene amagulitsa. Furiji yomwe amaika pa chithunzi ndi chokutira chabe.

Onani ulemu wawo. Ukawafunsa kuti, "Katunduyu ali kuti?" sathamangira kuyankha ngati mwana wosaleredwa. Amayamba afunsa kaye za iwe: "Inuyo muli mbali iti, bwana?" Ukati uli ku Lilongwe, iwo amapezeka ali ku Mzuzu. Ukati uli ku Mzuzu, pepani, iwo ali ku Blantyre. Amakusiyira mzinda wonse kuti upumemo momasuka, iwo n'kukadzipanikiza kutali, komwe sungafike osawononga ndalama ya basi yoposa dipoziti yomwe akupempha. Masamu amenewa amawawerengera bwino lomwe, ndipo aphunzitsi awo a ku pulayimale ayenera kunyadira kulikonse komwe ali.

Masiku ena amasankha kukhala nawe mu mzinda umodzi. Pamenepo ndi pomwe umaonera chikondi chawo pa abale. Sindinamvepo za munthu wina woyenda m'maliro ngati iwowa. Ukangoti, "Ndiye ndikubwera ndidzaone ndi maso," uthenga wachisoni umakhala utangowapeza kumene. "Aa, bwana, ndatuluka pang'ono, ndili pa maliro ku Ntcheu. Koma musadandaule, mng'ono wanga akubweretserani, mungotumiza ya mafuta." Ali pa siwa choncho, misozi ili mbwembwembwe, amakumbukirabe kukuchenjeza kuti pali wina akufuna kutenga katunduyo lero lomwe, ndiye ungoikako kadipoziti kuti akusungire iweyo, popeza mwalankhulana bwino. Azakhali awo amwalira kangapo chaka chino chokha, koma kasitomala samuiwala.

Saumiranso ntchito. Dipoziti ikalowa, pamatulukira anthu ena oti adye nawo. Imalira foni, mawu achilendo: "Ndine kondakitala, katundu wanu ndanyamula, koma watsekeredwa pa rodibuloko pa Zalewa, pakufunika kangachepe kuti tidutse." Ukatumiza, amaimba dalaivala. Boma limavutika kupezera achinyamata ntchito, koma akuluwa amalemba anthu atatu pa furiji imodzi, ndipo nthawi zina onse atatuwo amakhala ndi chifuwa chofanana.

Koma mphatso yawo yaikulu ku mtundu wathu ndi maphunziro. Zomwe aphunzitsi a jogalafe analephera kutilowetsa m'mutu ndi choko ndi chikwapu, a Ndilipompano atiphunzitsa ndi dipoziti. Lero mayi wogulitsa mandasi ku Kawale amafunsa mafunso ngati wapolisi wa zofufuza. Ukamuuza kuti uli ku Area 25, akufunsa sekitala yake. Ukati Area 18, akufunsa ngati ndi A kapena B, ndiponso kuti minibasi yochokera m'tauni ikutsitsa pa siteji iti, pa ndalama zingati sabata ino. Mlendo woonera Lilongwe pa mapu a m'foni amaganiza kuti manambala a madera amatsatana ngati masamba a buku, choncho amavomera msangamsanga kuti Area 25 yagundana ndi Area 24. Wokhala mu mzindawu amadziwa kuti Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo, pomwe Area 24 ili kummwera, mbali ya ku Ngwenya, ndipo pakati pawo pali mzinda wonse. Funso limodzi lotere, akulu aja amayamba kudandaula za netiweki.

Ku Blantyre mayeso ake ndi mapiri. Munthu wonena kuti ali ku Zingwangwa koma osadziwa kuti phiri lomwe likumuyang'ana ndi la Soche, ameneyo ali ku Zingwangwa ya mumtima. Nyengo nayo imachitira umboni. Mu Juni kapena Julaye, chiperoni chikamawaza m'Blantyre anthu atavala majuzi awiriawiri, iwo amakuuza kuti ali ku Chirimba ndipo dzuwa likuswa mtengo. Ena amayesa ndi chilankhulo: wonena kuti wakhala ku Chibavi zaka zambiri amamuponyera moni wa Chitumbuka kuti aone ngati abweze. Mayeso amenewa ndimawakayikira pang'ono, chifukwa ku Mzuzu kuli anthu ambiri achilungamo amene Chitumbuka chinawakana, koma osabweza ngakhale moni wokha, abale, nkhani yake imafunika kuiunikanso.

Ndiye pali zithunzi. Kale tinkayang'ana katundu yekha. Tsopano timayang'ana kumbuyo kwake. Soketi ya pakhoma m'nyumba za kuno imakhala ya mabowo atatu a makona, ngati ya ku Britain. Ukaona ya mabowo atatu ozungulira, akuluakulu, furijiyo inajambulidwira ku South Africa, ngakhale mwini wake akulumbira kuti ili ku Chilomoni. Galimoto yomwe yaima pabwalo ili ndi nambala yothera ndi GP, ya ku Gauteng, osati yoyamba ndi LL kapena BT. Achinyamata anaphunziranso kuponya chithunzi mu Google Lens, yomwe imafufuza malo ena pomwe chithunzi chomwecho chinaikidwapo. Apa ndi pomwe umagoma nawo akuluwa, chifukwa umapeza kuti furiji yomwe ija, ndi kachipsera komwe kaja pachitseko, inagulitsidwapo kale ku Lusaka ndi ku Nairobi. Ndi furiji yoyenda kuposa nduna ya zakunja.

Ndi anthu amanyazi, ndipo manyazi ndi khalidwe lomwe likusowa masiku ano. Aliyense akuthamangira kuonetsa nkhope pa TikTok, koma iwo ukawaimbira pa vidiyo sayankha. Kamera inafa dzulo. Ukawapempha kuti alembe dzina lako ndi deti la lero pa kapepala, akaike pamwamba pa katunduyo n'kujambula, cholembera chimasowa m'nyumba monse. Ukawauza kuti atumize pomwe ali pa WhatsApp, amatumiza mosanyinyirika, koma ndi kachizindikiro koima, komwe munthu angathe kukabaya paliponse pa mapu ali chigonere pa mphasa. Kaja koyenda, kosonyeza pomwe foni ili nthawi yomweyo, amakapewa. Ndipo tisanamizane, ngakhale kameneko akatswiri ena a m'banja lawo amakapusitsa ndi timapulogalamu tonamiza foni za malo ake.

Kudzichepetsa kwawo kumaonekera bwino pa dzina. Pa Facebook ndi munthu wina, amene tsamba lake linatsegulidwa mwezi watha, anzake ndi owerengeka, chithunzi chake ndi cha galimoto. Ukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lomwe limatuluka ndi la munthu winanso. Ukafunsa, akuti ndi nambala ya madamu, kapena ya ejenti wapafupi. Dziko linagawa ziphaso za unzika mu 2017, ndipo mu 2018 MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, poganiza kuti aliyense azidziwika. A Ndilipompano sanatsutse lamulo. Anangoona kuti si bwino kudzitukumula, n'kumagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa pa ziphaso za anthu ena, kuti ulemerero upite kwa agogo ena a kumudzi amene sadziwa n'komwe kuti amagulitsa ma laputopu.

Nanga kwawo kwenikweni n'kuti? Ena ali m'tauni momwemo, nyumba yachitatu kuchokera kwa iwe. Ena ali kutsidya kwa malire, ndipo nambala yawo ya WhatsApp yoyamba ndi +27 kapena +255 m'malo mwa +265 imawaulula iwo asanatsegule pakamwa. Koma nkhani yomwe imandichititsa kuvula chipewa ndi yomwe nyuzipepala zathu zalembapo kangapo, apolisi nawonso n'kuitsimikiza: kuti ena mwa akathyali obera anthu pa foni amachita izi ali m'ndende ya Zomba, pogwiritsa ntchito mafoni olowetsedwa mozemba. Taganizani. Munthu amene boma limamuwerenga m'mawa ndi madzulo, amene adiresi yake ndi yokhazikika kuposa ya wina aliyense m'dziko muno, ndi yemweyo akukuuza kuti waima pa Ginnery Corner ndipo akuona basi yako ikubwera. Ufulu woyenda wotere ngakhale malamulo aakulu a dziko sanaulonjeze.

M'banja lawo mulinso asuweni ofatsirapo, amene katundu amabweretsadi, kungoti "alipo" wawo ndi wa mtsogolo. Nsapato zomwe akuti zili ku Area 3 zimakhala zikadali ku Guangzhou, ndipo umazindikira ukaona kuti mauthenga amayankhidwa 3 koloko usiku, pomwe kumeneko ili 9 koloko m'mawa, popeza China ili patsogolo pathu ndi maola 6. Galimoto yomwe "ili pa Songwe, ingodikira mapepala" imakhala isanakwere n'komwe sitima ya ku Dar es Salaam. Awa ndimawapatsa ulemu wochepa. Munthu wobweretsa katundu patapita miyezi iwiri wanyozetsa luso la banja.

Alipo odana nawo. Amatchula lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, amatchulanso mlandu wakalekale wopeza chuma mwachinyengo, ndipo amati ndalama zomwe zimapita ndi za fizi, za feteleza, za lendi. Pamenepa ndilibe poyankha, chifukwa n'zoona. Amatinso amalonda achilungamo, amene alidi ku Karonga kapena ku Joni ndipo amanena poyera, akuvutika chifukwa aliyense akuwayesa akuba. Akuchita kujambula mavidiyo, kutumiza katundu asanalipidwe, kufunafuna mboni. Izinso n'zoona. Koma odandaulawa aziyamikako kuti a Ndilipompano ndi okhawo amene mitengo yawo sinamve za kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu m'masitolo zinakwera kuchita kuwawa m'maso, koma iwo foni yomwe ena akugulitsa pa mtengo wa ng'ombe amakupatsa pa mtengo wa mbuzi. Angathe kutero chifukwa katundu wawo salipira msonkho, salipira mayendedwe, safuna posungira. Ndipo amasunga chinsinsi. Ambiri mwa omwe anapondedwa sakanena kupolisi kapena kuuza akunyumba, poopa kufunsidwa kuti, "Inuyo ndi sukulu yanu yonseyi?" A Ndilipompano nawo sauza munthu.

Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe chimawapweteka mtima, ndipo ndikupempha kuti tizichilankhula mosamala. Ndi mawu akuti, "Ndilipira ndikaona katundu. Tikumane masana pa depoti, kapena pafupi ndi polisi, ndibwera ndi achimwene anga." Kwa munthu wa ulemu wawo, ameneyu ndi mwano. Amayamba akukumbutsa kuti iwo ndi opemphera, kenako amakufunsa ngati ukuwayesa wakuba, kenako amatsitsa dipoziti ndi theka chifukwa cha chifundo. Ukaumirirabe, sakutukwana. Chithunzi chawo cha pa WhatsApp chimangozimirira, uthenga wako n'kutsala ndi kachongi kamodzi. M'mawa mwake furiji ija imakhala yafika ku Kasungu, mwini wake ali mayi wamasiye amene akusamukira kunja Lachisanu, ndipo mtengo watsikanso ndi K20,000.