Nkhosa Zodya Misomali

Ku Yorkshire, m'dziko la England, kuli mizinda iwiri yotchuka: Sheffield ndi zitsulo, Bradford ndi ubweya wa nkhosa. Mphunzitsi wina kumeneko anafunsa ana kuti, "Sitiliwulu wokwechera mapoto uja, dzina lake limatanthauza ubweya wachitsulo. Amachokera kuti?" Kamnyamata kakumbuyo kanaimika mkono. "Aphunzitsi, bambo ake ndi a ku Sheffield, mayi ake ndi a ku Bradford."

Mkulu wina wometa nkhosa anakafuna ntchito kufakitale ya sitiliwulu. Kapitawo anamuonetsa makina: waya wachitsulo akukokedwa pamipeni ya manomano, mipeniyo n'kumapala tiulusi topyapyala kuposa tsitsi. Mkuluyo anayang'anitsitsa, anasuzumira kunsi, anazungulira kuseri, kenako ananong'ona: "Bwana, zonse ndaona. Koma nkhosa zake mumazidyetsa misomali?"

Sitiliwulu ali ndi manambala. Wokhakhala kwambiri ndi wa manambala akuluakulu, pomwe wosalala, amene akalipentala amawalitsira matebulo, ndi 0000. Gogo wina ku Leeds anatola mapaketi khumi a 0000 m'sitolo, ulendo wapakhomo. Mlonda anathamanga. "Agogo, simunalipire!" Gogo anamuloza paketi. "Mwanawe, kusukulu unapitako? Mtengo wake si uwu, maziro anayi!"

Ndiye kuli bambo wina wa ku England wonyadira dziko lake amene anawerenga kuti Brillo, sitiliwulu wokhala ndi sopo uja, ankapangidwa ku London. Anaimitsa takisi. "Kufakitale ya Brillo, chonde!" Dalaivala anati, "Bwana, London imeneyo ndi ya ku Ohio, ku America." Bamboyo anakhala bwinobwino, n'kumanga lamba. "Tiyeni basi, koma mudzere kachidule."

Katswiri wa sayansi anakhudzitsa sitiliwulu kubatire ya mavoliti 9. Moto lawi! Atayika zotsalazo pasikelo, zinalemera kuposa poyamba, poti chitsulo chikamapsa chimagwirana ndi mpweya wa okosijeni. Anthu anaomba m'manja. Mwini golosale wina yekha anangoti duu, machesi ali m'manja. "Pepani achimwene, kodi zimatheka ndi shuga?"

Magazini ya Private Eye inapatsa mtolankhani Andrew Neil dzina loti Brillo chifukwa cha tsitsi lake. Mwana wina atamva zimenezi anamuyang'ana pa TV, nkhope ili ndi chisoni. "Amayi, ndiye mvula ikawanyowetsa amachita dzimbiri?"

Mlendi wina ku Birmingham anadandaula za makoswe. Mwininyumba anatseka mauna onse ndi sitiliwulu, poti makoswe amavutika kumutafuna. Patatha sabata anaimba foni. "Bwanji, athawa?" Mlendi anapumira m'mwamba. "Alipo onse, bwana. Kungoti mano awo akuwala."