Ndinasintha Layini, Amayi

Ku Naperi kuno munthu wa layini imodzi timamuyang'ana kawiri. Mwina wangotsika kumene basi yochokera kumudzi, mwina foni amubera dzulo m'minibasi ya ku Limbe ndiye akuyambiranso moyo. Enafe tonse tili pa mitala. Wina mkazi wamkulu ndi 088 ya TNM, wamng'ono ndi 099 ya Airtel. Wina n'zotembenuza, malinga ndi amene anayamba kulowa m'nyumba. Wosudzulidwa palibe. Amene watsitsa mtengo wa bandulo mwezi uno ndiye timagona kwake, winayo amangolandira moni wa m'mawa.

Si kuti ndife adyera ayi. Kwathu kuno ukati usamuke kampani, nambala umaisiya pomwepo. Amalume a ku Thyolo, bwana amene anakulonjeza ganyu, aphunzitsi a mwana, amayi a banki m'khonde, onsewo akaimba amakumana ndi mayi uja wa mawu okoma wonena kuti nambalayi siikupezeka. Ndiye m'malo mosamuka timangowonjezera. A itel ndi a Tecno anatidziwa kalekale, n'chifukwa chake ngakhale kafoni ka mabatani kotchipitsitsa kamabwera ndi malo a simukhadi ziwiri.

*

Pali telala wina panjira yopita ku Zingwangwa amene khoma la shopu yake likhoza kuphunzitsa mbiri ya mafoni m'dziko muno. Pamwamba penipeni pali nambala ya lamya ya m'nyumba, yoyamba ndi 01, ya mnansi wake amene anasamuka kale. Pansi pake pali nambala yaifupi ija tinali nayo chisanafike chaka cha 2009 pamene manambala anatalikitsidwa. Wolemba zikwangwani anangofinyiramo tima 9 tiwiri ta penti wina. Kenako pali ya 088. Kenako pali ina yolemba ndi makala, yoti mvula ikagwa amabwerezanso.

Mayi wina atasiya nsalu ya chinkhoswe anayang'ana khomalo n'kufunsa, "Abambo, pa zonsezi ndiziimba iti?"

"Diresi ikakhala kuti sinathe, imbani yapamwambayo, mayi. Ikatha ndikuimbirani ndine."

*

Agogo ena a kufupi ndi mtsinje wa Naperi mpaka lero amatuma mdzukulu kuti akagule "mayunitsi a Celtel." Mdzukuluyo anabadwa Celtel itatha kale. Tsiku lina anatopa nazo, anawakhazika pansi n'kuwafotokozera zimene anamva: kuti Celtel inabwera mu 1999, TNM itagwira kale ntchito kuyambira 1995, kuti mu 2008 Celtel inasanduka Zain, kuti mu 2010 amwenye a Bharti anaigula n'kuitcha Airtel. Magolosale anapakidwa penti katatu, agogo ali phee ndi nambala yawo.

Agogo anamvetsera bwinobwino, kenako anadzuka, anamanga mpango, ulendo wa kwa ejenti wa pa ambulera.

"Mwana wanga, tandiuza. Eni akewa akasintha dzina, nambala yanga imawatsatira. Ine ndikafuna kusintha, nambala yanga yomweyo imandikana. Kodi nambalayi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, agogo. Bola musachoke nayo."

*

Nkhani yeniyeni inabuka pa bawo nthawi ya Khirisimasi. Alamu a mnzathu wina anali atangotsika basi ya ku Joni pa Wenela, nsapato zosongoka, jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Ataona aliyense akutsegula foni kumbuyo, kuchotsa batire, kusintha simukhadi ndi chikhadabo, wina kuisunga m'kamwa poopa kuti igwera mumchenga, anapukusa mutu.

"Mudakali pomwepa? Kujaku zimenezi zinatha."

Ndiye anatambasula. Ku South Africa, kuyambira 2006, munthu akhoza kuchoka ku Vodacom kupita ku MTN kapena Cell C nambala ili yomweyo. Umagula simukhadi ya kumene ukupitako, umapempha kuti akusamutse, posakhalitsa yakale ija imazima, yatsopanoyo n'kudzuka ndi nambala yako yakale. Pali kaundula mmodzi wapakati wa manambala onse osamuka, ndipo wina akakuimbira, makina amayamba ayang'ana mmenemo kuti adziwe kumene ukukhala tsopano. Choncho kujaku sungalumbire kuti 082 ndi wa Vodacom kapena 083 ndi wa MTN. Mphunzitsi wina wopuma, amene salola kuti mlendo amupose nzeru pakhomo pake, anawonjezera kuti ku Kenya ndi ku Ghana anayamba mu 2011, ku Nigeria mu 2013, ndipo ngakhale anansi athu a ku Tanzania anayamba mu 2017. Anati bungwe la MACRA lilipo kuyambira 1998, ndiye nkhani yotereyi ndi ya pa tebulo pawo.

Anthu anavomereza. "Zoona, aphunzitsi!" "Ifenso ndife anthu!"

Pa anthu onsewo panali mkulu mmodzi amene sanayankhule. Nkhomo zinali m'manja koma anaiwala kuti akutakata. Mkuluyu ali ndi ngongole kwa katapila, kwa wabutchala, kwa mayi wa makala ndi kwa anthu atatu mwa amene anali pa bawo pomwepo. Anakhosomola, n'kusendera kufupi ndi mlendoyo.

"Alamu, ndiye kuti kujaku munthu sunganene kuti ndinasintha layini?"

"Ukhoza kunena, koma akufunsa kuti nanga nambala unaisiyiranji."

Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku. "Zimenezo muzikamba motsitsa mawu, alamu. Aboma angamve. Ena tili ndi mabanja."

Mnyamata wina wometa m'mbali naye anali ndi funso lake. Iyeyu anakongola mayunitsi a Kutapa ku Airtel, atalephera kubweza anathawira ku TNM, kumenekonso wakongola Pasavute. Foni yake tsopano ndi tochi basi, poti akangothiramo mayunitsi mbali iliyonse, eni ake amatenga zawo iye asanati halo.

"Biggy, ukamasamuka ndi nambalayo, ngongole imatsala kapena imakwera nawo?"

"Ngongole ndi yako, mphwanga."

"Basi zisiyeni. Kungobwera kampani ina yatsopano yosatidziwa, ife zatikwanira."

*

Mawu akuti "ndinasintha layini" apulumutsa anthu ambiri m'tauni ino kuposa ambulansi. Koma nawonso ali ndi tsiku lawo. Mayi wina wa nyumba za lendi anakumanizana ndi mnyamata wake wa m'chipinda chakumapeto pa siteji ya minibasi, mwezi uli pa 19.

"Iwe, sabata yonseyi ndakhala ndikukuimbira."

"Pepani amayi, ndinasintha layini. Ijayi inkavuta netiweki, ndinaitaya."

"Unaitaya?"

"M'chimbudzi, amayi."

Amayiwo anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa kafoni kawo, n'kuimba nambala yakale yomweyo. M'thumba la mnyamatayo munayamba kulira nyimbo ya kwaya, mokweza, mpaka kondakitala anavula chipewa.

Mnyamatayo anagwira thumba, maso kumwamba. "Yabwerera! Amayi, mapemphero anu ndi amphamvu!"

*

Ine ndili mbali ya aphunzitsi aja, ngakhale amalankhula kwambiri. Kalipentala amene nambala yake ili m'mafoni a anthu mazana sangachoke pa kampani, kaya mitengo ikwere chotani, kaya netiweki izipezeka pokhapokha atakwera pachulu. Kampani ikadziwa kuti kasitomala sangathawe, ilibe chifukwa chomunyengerera. Chodabwitsa n'choti ndalama zimawoloka: lero ukhoza kutumiza kuchoka pa Mpamba kupita pa Airtel Money. Kwacha ikuwoloka, manambala khumi okha ndiye alemera?

Komanso chizolowezi chathu chosinthasinthachi ndicho chimadyetsa akuba a pafoni. Uthenga uja woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi, layini yanga yavuta" umagwira anthu chifukwa ndi mmene timalankhulira tonse tsiku ndi tsiku. M'bale wako weniweni amalemba chimodzimodzi. Mayi wina wogulitsa mandasi yekha ndiye anawapezera mankhwala. Utamufika uthengawo anayankha kuti: "Inunso mukudikira ndalama? Akakutumizirani mundigawireko." Sanamulemberenso.

Tisanamizanenso kuti zitabwera, Naperi yense angasamuke tsiku limodzi. Ku Kenya zitaloledwa, anthu ochepa okha ndiwo anachoka, poti M-Pesa ya Safaricom inali itawamanga kale miyendo. Mnzako, shopu yako ndi agogo ako onse ali komweko, upita kuti? Kunonso zikhoza kukhala choncho. Koma munthu amafuna adziwe kuti chitseko n'chosakhoma, ngakhale alibe ulendo.

*

Mu 2018 MACRA inalamula kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika, chija tinajambulitsa mu 2017. Mizere inali yaitali, ndipo bambo wina analakwitsa chinthu chimodzi: anapita ndi akazi awo. Atafika kutsogolo anatulutsa bokosi la machesi, pofuna kusankhamo mwakabisira, koma dzanja linanjenjemera. Simukhadi zisanu zinagwera pa tebulo.

Mayi anaziyala bwinobwino ndi chala. "Iyi ndikuidziwa. Iyinso ndikuidziwa. Nanga zitatuzi, abambo?"

"Iyi ndi ya kumpingo."

"Mpingo uti, poti munasiya kupemphera chaka cha njala?"

Mtsikana wolembetsayo, maso ali pa makina ake, anafunsa mwaulemu, "Bambo, zonse tilembe m'dzina lanu?"

"Ayi ayi, lembani ziwirizo. Zitatuzi ndatola panjira pobwera pano."

"Ooh, mwatola," anatero mayi. "Bweretsani kuno, ndikasake eni ake. Akuvutika anthuwo."

Anazimanga pa chitenje. Madzulo anaziika mufoni yawo imodziimodzi. Eni ake sanapezeke, koma amene ankawasowa eni akewo anaimba usiku womwewo, atatu onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wa mawu a mkulu wa mpingo.

*

Layini ukaisiya miyezi yambiri osaigwiritsa ntchito imazimitsidwa, ndipo pakapita nthawi nambalayo imagulitsidwa kwa munthu wina. Ambiri sadziwa zimenezi. Mayi wina wamasiye sanafufute dzina la malemu amuna awo mufoni, mtima sunkalola. Patatha chaka ndi miyezi, akukonzekera zomanga chiliza, anafuna kuimbira mmisiri, chala n'kuphonya, n'kudina dzina la malemuwo.

Foni inaitana. Kawiri. Kachitatu inayankhidwa ndi mawu a mwamuna, mphepo ikuwomba kumbuyo.

"Ndanyamuka kale, mayi! Mphindi zisanu ndafika. Ingonenani muli pati."

Foni inagwera m'lichero la ufa, mayi ali kale kwa a mkulu wa mpingo opanda nsapato. A mkulu wa mpingo anabwera ndi Baibulo m'khwapa, anapukuta ufa, anapemphera kaye, kenako anaimbanso nambalayo, foni ataigwirira patali.

"M'dzina la Ambuye, ndinu ndani?"

"Ndine wa njinga, bwana, wa ku Bangwe. Ndikutengeni? Mukupita kuti?"

"Kumene mwachokerako ife sitikupitako!"

"Aaa bwana, n'pafupi. Tonse timathera komweko madzulo."

A mkulu wa mpingo anazimitsa foniyo, anachotsa batire, n'kulamula kuti chiliza chimangidwe sabata yomweyo, cha simenti yambiri.

*

Mlandu wina unafika mpaka kwa ankhoswe. Mkazi anadandaula kuti mwamuna akapita ku ntchito ku Makata saimba ngakhale kamodzi, amangofulasha. Mwamuna anadziteteza kuti vuto si chikondi, vuto ndi loti iye ali pa 088, mkazi ali pa 099, ndipo bandulo imene amagula ndi yoimbira a mbali yake okha. Kuwolokera tsidya linalo, mayunitsi amatha asanafunse n'komwe za ndiwo.

Ankhoswe akuchimuna anaganiza mozama, n'kugamula. "Nkhaniyi njosavuta. Mayi, mugule layini ya kumene kuli amuna anu, yanuyo muisiye. Banja ndi thupi limodzi."

Mkaziyo anati nambala yake ili ndi makasitomala onse a kaunjika, ili ku banki m'khonde, ili ku sikelo ya mwana. Mwamunayo anati yake ili ndi abwana. Anthu anangoti kakasi.

Apo ankhoswe akuchikazi, amalume a mkaziyo, amene anakhala chete nthawi yonseyi akusenda nzimbe, anaika mpeni pansi.

"Pepani anzathu, ndifunse nawo. Banjali munalowola?"

"Ayi, sitinalowole."

"Nyumba akukhalayi ili pa malo a ndani?"

"A kuchikazi."

"Ndiye mwatani kodi? Kuno n'ku chikamwini. Wosamuka ndi mwamuna. Akamwini, mawa mukagule 099."