Momwe Mungalolere Galimoto Zogulitsa Zakudya M'tauni Koma Osazionamo: Malangizo kwa Makhansala

Olemekezeka makhansala, tsiku lina patebulo panu padzafika pempho la anthu ofuna kuimika galimoto pakati pa tauni, kutsegula zenera la m'mbali, n'kumagulitsa chakudya chophikidwa momwemo. Ku America galimoto zoterezi amazitcha food truck, ndipo zasowetsa tulo makhonsolo ambiri. Mukadzavomera, eni malesitilanti adzakukwiyirani, pomwe iwowo ndi amene amalipira msonkho wa malo ndiponso ali ndi nambala yanu ya foni. Mukadzakana, atolankhani adzalemba kuti mukupondereza achinyamata ofuna kudziimira paokha. Mtima m'malo, mabwana. Ilipo njira yachitatu: kuvomera mokweza mawu, kenako n'kuonetsetsa kuti galimotozo zasowa poima.

Kuno kwathu tinazolowera zothamangitsana. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, ndipo mpaka lero mpikisano wa liwiro pakati pa asikali a khonsolo ndi ogulitsa malonda sunapeze katswiri. Njira imeneyi ndi yotopetsa, imatha nsapato, ndipo sioneka bwino pa wailesi yakanema. Aphunzitsi athu lero ndi a mzinda wa Chicago, amene anaonetsa kuti ntchito yomweyo itha kugwirika ndi cholembera ndi tepi yoyezera, munthu ali phee pampando.

1. Yambani ndi nthungululu

Chisanafike chaka cha 2012, ku Chicago kunali koletsedwa kuphikira m'galimoto. Chakudya chinkayenera kuphikidwa kukhitchini yovomerezeka, kukulungidwa komweko, galimoto n'kungokhala yonyamulira. Mu Julaye 2012, Rahm Emanuel ali mfumu ya mzindawo, khonsolo inakhazikitsa lamulo lololeza kuphikira m'galimoto. Nkhani inamveka yokoma: mzinda watsegula zitseko.

Phunziro lake ndi ili: uthenga wokoma ukhale pamwamba, pomwe atolankhani amayambira kuwerenga ndi pomwenso amalekera. Zotsalazo zilowetseni m'ndime za mkati. Ngati pakati panu pali khansala amene ali ndi malesitilanti akeake, mawu ake amveke bwino pa zokambirana. Ku Chicago, mmodzi mwa makhansala amene anaikira kumbuyo lamuloli anali Tom Tunney, mwini wa malesitilanti a Ann Sather. Munthu wodziwa za chakudya ngati ameneyu simungamusiye panja.

2. Gulani tepi yoyezera

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo lomwelo linati galimoto isaime pamtunda wosakwana mafiti 200, omwe ndi pafupifupi mamita 61, kuchokera pakhomo lalikulu la lesitilanti iliyonse yoyang'ana kumsewu. Mamita 61 akumveka ochepa, ndipo mukamalankhula pagulu muziwatchula mopepuka, ngati chinthu chosafunika kukambirana.

Luso lili pa tanthauzo la lesitilanti. Musalipanikize. Malo omwera khofi akhale lesitilanti. Kagolosale ka 7-Eleven kogulitsa masoseji otentha pakauntala nakonso kakhale lesitilanti. Mukatero, tengani mapu a tauni n'kuzunguliza mzere pakhomo lililonse loterolo. Mudzaona mizere ija ikulowana mpaka msewu wonse kutha. Anthu atawerengetsa m'dera la Loop, lomwe ndi phata la Chicago komwe kuli maofesi ambiri ndi njala yambiri ya masana, anapeza kuti galimoto zingaime mololedwa pa 3 peresenti yokha ya m'mphepete mwa misewu. Wina akadzakunenani kuti munaletsa malonda, mudzamuonetse 3 peresentiyo.

Chifundo chisasowe. A Chicago anati lamulo la mafiti 200 lisagwire ntchito kuyambira 12 koloko usiku mpaka 2 koloko mbandakucha. Choncho kalaliki amene akufuna nkhomaliro yotsika mtengo pafupi ndi ofesi yake sanamanidwe kanthu. Angoyenera kupirira pang'ono.

3. Chindapusa chiphunzitse anthu zofunika pa moyo

Wolakwira lamulo la mafiti 200 ku Chicago anamuikira chindapusa cha madola 1,000 mpaka 2,000. Chindapusa chapamwambacho chinkaposa kakhumi cha munthu woimika galimoto yake motsekereza mpopi wa ozimitsa moto. Musachite nazo manyazi ziwerengero zimenezi. Zimathandiza nzika kudziwa kusiyana kwa ngozi yaing'ono ndi yaikulu. Nyumba ikapsa imamangidwanso, koma kasitomala amene walawa chakudya chokoma pamtengo wotsika, ameneyo wapita.

4. Onjezerani wotchi

Mwina wina wochenjera adzapezabe kamalo kovomerezeka. Musatekeseke. Lamulo la 2012 linati galimoto isakhale pamalo amodzi kupitirira maola awiri. Aliyense amene anakazingapo tchipisi akudziwa kuti mafuta satentha ndi mawu. Kuimika galimoto, kuyatsa moto, kukonza ziwiya, zonsezi zimadya nthawi, ndipo pomaliza pamafunika kuzimitsa, kupukuta ndi kumanga katundu kuti mafuta otentha asakhutukire woyendetsa. Pa maola awiri aja, ogulitsira enieni amatsala ochepa. Mzere wa anthu ukangoyamba kutalika, nthawi yonyamuka yakwana.

Kenako patulani malo ochepa apadera oimikapo galimotozi, muwalembe chikwangwani chokongola. Malowo akhale ochepa kuposa galimoto. Mukatero eni galimoto adzayamba kulimbirana okhaokha, ndipo mkwiyo umene ukanabwera ku ofesi yanu udzathera pa anzawo.

5. Mangirirani kachipangizo

Lamulo lomwelo linalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi chipangizo cha GPS chosonyeza pomwe ili, ndipo wolipira ndi mwini galimotoyo. M'mayiko ambiri zipangizo zolondolera munthu amamangirira oganiziridwa milandu amene atuluka pa belo. Inu onetsani kuti muli patsogolo: mangirirani wogulitsa makeke. Ndi bwino kuti mzinda uzidziwa usana ndi usiku komwe kuli shuga ndi batala.

6. Musaope khoti

Adzakusumirani, zimenezo musakayike. Mu Novembala 2012, mayi wina wogulitsa makeke pagalimoto yotchedwa Cupcakes for Courage, Laura Pekarik, pamodzi ndi eni galimoto ina yotchedwa Schnitzel King, anakasuma mothandizidwa ndi maloya a bungwe la Institute for Justice. Ankati boma lilibe mphamvu yotchinjiriza wamalonda wina ku mpikisano wa mnzake, ndipo GPS ija ndi kufufuza munthu popanda chifukwa.

Akulu anati mlandu suola, koma sananene kuti wodandaula nayenso saola. Mlanduwo uli mkati, Schnitzel King inatseka bizinesi mu 2014. Mu Meyi 2019 khoti lalikulu la chigawo cha Illinois linagamula mokomera mzinda, oweruza onse mogwirizana, ndipo khoti lalikulu la dziko lonse la America linakana kumva apilo. Oweruza anati mzinda uli ndi chifukwa chomveka chotetezera malesitilanti a m'nyumba, popeza amalipira msonkho wa malo ndipo amakhazikika m'dera, pomwe galimoto ikhoza kuchoka tsiku lililonse.

Taonani ufulu umene chigamulochi chikukupatsani. Simufunikanso kuvutika kupeka nkhani za ukhondo. Mutha kunena poyera kuti mukuteteza amene anafika kale. Musatengere mizinda yamantha ngati El Paso, umene unachotsa lamulo lake la mafiti 1,000 mu 2011 utangosumiridwa, kapena San Antonio, umene unataya la mafiti 300 mu 2015. Kumeneko anthu akudya zomwe akufuna, pomwe akufuna, popanda wowatsogolera. Chisokonezo chenicheni.

7. Ngati tepi yasowa, werengani ziphaso

Mzinda wa New York uli ndi nzeru ina. Kuyambira 1983 unaika malire pa chiwerengero cha ziphaso za ngolo ndi galimoto zogulitsa zakudya chaka chonse, pafupifupi 3,000, ndipo chiwerengerocho chinakhala chomwecho kwa zaka zoposa 30 pamene anthu ofuna ziphaso ankachulukirachulukira. Chiphaso cha zaka ziwiri boma linkagulitsa madola 200. Amene anachipeza kalekale ankachibwereketsa mwakatangale pa madola 15,000 mpaka 25,000 kwa munthu amene amaimadi padzuwa ndi pachisanu, kawirikawiri wobwera kuchokera kudziko lina.

Ubwino wa njirayi ndi woti imabala gulu latsopano la amalonda: ogulitsa chakudya amene sanagwirepo chiwaya. Mu 2021 khonsolo ya New York inavomereza kuonjezera ziphaso pafupifupi 4,000, koma pang'onopang'ono, pa zaka khumi. Tengeranipo chitsanzo. Mukakakamizika kukonza cholakwika, chikonzeni pa liwiro loti amene akudandaula lero adzakhale atapuma pantchito.

8. Ulendo wokaphunzira usadzere ku Portland

Palibe lamulo labwino limene limabadwa popanda ulendo wokaphunzira kunja, ndi ndalama zake zogonera. Koma sankhani bwino kopita. Ku Portland, m'chigawo cha Oregon, kuli ngolo za zakudya mazanamazana. Zambiri zimaima m'magulumagulu pamalo oimikapo galimoto, zimalipira lendi kwa mwini malo, ndipo a zaumoyo amaziyendera monga amayendera malesitilanti. Lipoti la U.S. Chamber of Commerce Foundation la mu 2018, limene linayerekeza mizinda 20, linaika Portland pamwamba pa mizinda yosavuta kuchitiramo malondawa, Boston n'kukhala kumapeto. Choopsa kwambiri n'choti malesitilanti a ku Portland sanathe, ndipo ena mwa iwo anayamba ngati ngolo zomwezo. Khansala wofooka mtima akaona zimenezi atha kubwerera ali ndi maganizo oipa.

Ngati mwafikako mwangozi, pemphani akuonetseni pa Alder Street. Pamenepo panali gulu lalikulu la ngolo pakati pa tauni, koma mu 2019 zinasamutsidwa kuti pamangidwe hotela ya Ritz-Carlton. Mudzabwerera mtima uli m'malo, podziwa kuti ngakhale kumeneko ndalama yaikulu ikafika, yaing'ono imapatuka.

9. Chenjerani ndi mafunso enieni

Pamsonkhano padzaimirira munthu wovuta, mwina mphunzitsi wopuma, n'kufunsa kuti vuto lenileni ndi chiyani. Samalani, chifukwa mavuto enieni alipo, ndipo onse ndi ofuna ntchito. Mapepala ndi mabotolo amatayidwa pamsewu. Mafuta otsala ena amathira m'ngalande. Utsi ndi phokoso la jenereta zimalowa m'mawindo a anthu. Mzere wa makasitomala umatseka njira ya oyenda pansi. Gasi ndiye woopsa zedi: mu 2014 silinda inaphulika m'galimoto ya zakudya ku Philadelphia, mayi ndi mwana wake wamkazi n'kumwalira. Nayenso mwini lesitilanti ali ndi mfundo yomveka akamati iye amalipira lendi, msonkho ndi madzi a kuchimbudzi chimene makasitomala a galimoto amabwera kudzapempha.

Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake odziwika. Zinyalala zimafuna migolo ndi lamulo loti wogulitsa asese asanachoke. Gasi amafuna woyendera wodziwa ntchito. Njira ya oyenda pansi imafuna kuyeza kukula kwa msewu. Dandaulo la msonkho limafuna kuti galimoto nayo izilipira malo amene yaimapo, pamtengo wolingana ndi phindu la malowo. Koma zonsezi zimafuna antchito, mafuta a galimoto za khonsolo ndi mabuku osungidwa bwino. Tepi yoyezera imagulidwa kamodzi.

Choncho munthu uja akafunsa ngati silinda ya gasi imaphulika pa mafiti 199 n'kuleka pa mafiti 201, kapena ngati ntchentche imadziwa pomwe pali khomo la lesitilanti, muthokozeni chifukwa cha funso labwino. Muuzeni kuti nkhaniyo mwaitumiza ku komiti. Akafunsanso chifukwa chake lesitilanti yatsopano imaloledwa kutsegula khoma limodzi ndi inzake pomwe galimoto siiloledwa kuima tsidya lina la msewu, lengezani kuti nthawi ya tiyi yakwana.

10. Wodyayo musamufunse

Pa nkhani yonseyi pali munthu mmodzi amene safunika kuitanidwa: uja amatuluka mu ofesi masana ndi mphindi zochepa komanso ndalama zochepa. Alibe bungwe, alibe loya, ndipo nthawi ya msonkhano wanu amakhala ali pantchito. Mukamufunsa adzakuuzani zopanda pake, monga zoti akufuna chakudya chaukhondo, chapafupi, chimene angakwanitse. Ingomutchulani m'mawu anu otsegulira kuti zonsezi mukuchitira iyeyo.

Mwambo wokhazikitsa lamulo latsopanoli muuchitire kuhotela, ndi chakudya cha kuhotela komweko. Mlendo wolemekezeka akadzapempha kulawako za m'galimoto zimene mwangozilolazo, mupatseni mpando wabwino, ndipo mumuuze mwaulemu kuti zifika 12 koloko usiku.