Chatsitsa dzaye chili m'buku, koma anyamata akukana

Pabwalo la milandu, wodandaula akayamba kuonetsa bala, kuwerengera magazi amene wataya ndi kutchula ndalama za kuchipatala, sipalephera nduna yokalamba yomudula pakamwa: "Taimani kaye, bambo. Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga." Mwambiwu uli ndi kankhanza mukauyang'anitsitsa. Njovu ili apo, mnyanga uli pansi, misozi chuchuchu, koma akuluakulu onse maso ali mumtengo kusaka wagwedeza nthambi. Wothamangira mankhwala palibe. Timakonda chiyambi cha nkhani kuposa nkhani yeniyeniyo, ndipo ku America ndi ku Japan kuli makampani amene anatulukira kuti njala imeneyi ndi msika.

Aliyense wodutsa pa Boma la Mchinji, pa Kamwendo kapena ku Mkanda akuzidziwa timanyumba ta magemu: chinsalu chakuda pakhomo, mabenchi awiri, TV pathebulo, PlayStation yotopa ndi mapadi omangidwa ndi selotepi. Ambiri amalipira kuti amenye mpira. Koma mpira ukakola, wina amaitanitsa Mortal Kombat, gemu ya ndewu imene Ed Boon ndi John Tobias anapanga ku kampani ya Midway mumzinda wa Chicago mu 1992. M'menemo muli amuna awiri obisa nkhope amene mwana aliyense amawadziwa. Wachikasu ndi Scorpion, amene amakulasa ndi mkondo wa chingwe n'kukukokera pafupi. Wabuluu ndi Sub-Zero, amene amakuumitsa gwa ngati chambo cha mufiriji, kenako n'kukuswa mosafulumira. Awiriwa akhala akuphana kwa zaka zoposa 30, m'mawa, masana, usiku, kupuma kwawo n'kuzima kwa magetsi basi.

Nanga analakwirana chiyani? Funsoli ku Mchinji silinasowepo yankho, vuto ndi loti mayankho ake ndi ambiri kuposa mapadi. M'kanyumba kena kamene ndimakonda kukhalamo podikira minibasi ya ku Lilongwe, mkulu wina wa kabaza amalumbira kuti awiriwa ndi pachibale ndipo akulimbirana munda wamasiye. Umboni wake ndi woti amafanana msinkhu, zovala ndi kaimidwe, ndipo chidani chotere sungachipeze pakati pa anthu osabadwa bere limodzi. Wosintha ndalama wa ku Mwami amati ayi, ndi ngongole: wina anabwereka kwacha ya Zambia n'kubweza ya Malawi. Wometa wa khomo loyandikana amati ndi mkazi, koma iyeyo nkhani iliyonse, ngakhale kukwera mtengo kwa feteleza, amati ndi mkazi. Onsewa anaphunzira luso limeneli kwa omasulira mafilimu a m'mavidiyo sho, anthu amene sachita mantha kuuza chipinda chonse kuti Mtchaina akulira pakanemayo wakwiya chifukwa apongozi ake amulanda mbuzi.

Mtendere umenewu unasokonezedwa ndi buku. Mchimwene wake wa mwini kanyumbako, amene amagula katundu ku Lusaka n'kudzera pa chipata cha Mwami, anabwera nalo m'chikwama pakati pa mawaya a foni: buku la zithunzi la Mortal Kombat X, limodzi mwa amene DC Comics inatulutsa mu 2015, wolemba wake Shawn Kittelsen. Chikuto chinali chopindika pakona, tsamba lina lili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi, koma mitundu inali yowala moti mwini kanyumba analamula kuti wodya chiwaya asaligwire asanasambe m'manja. Anasankha mnyamata wa Fomu 4 kuti aziwerenga Chingerezi n'kumamasulira. TV anaizimitsa. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya nyumbayo anthu anakhala chete magetsi alipo.

Chete ameneyo sanafike patali. Zinapezeka kuti Scorpion ali ndi dzina la kwawo, Hanzo Hasashi. Anali ndi mkazi ndi mwana, ndipo anaphedwa pamodzi ndi mtundu wake wonse wa Shirai Ryu. Choipitsitsa, m'bukumo chigawenga chimenechi chikulera mwana wa munthu wina: Kenshi, wankhondo wosaona, anamusiyira mnyamata wake Takeda kuti amusunge ndi kumuphunzitsa.

"Aise, werenga bwinobwino," anatero wina wa pabenchi yakumbuyo. "Scorpion angalere mwana? Aziphika phala?"

"Ndi zimene zalembedwa, amwene."

"Walemba ndani? Anayamba wagwirapo padi ameneyo?"

Wometa anasangalala theka, poti mkazi watchulidwa, ngakhale kuti si m'njira imene ankafuna. Wosintha ndalama anatsegulatsegula masamba kufuna pamene pali ngongole, ataisowa anati bukulo ndi losakwanira, payenera kukhala lachiwiri. Apa sanalakwe, mabuku oterewa sabwera limodzi. Ena sanasamale mawu n'komwe, anakanirira pa zithunzi: chigoba cha kumaso achijambula chachikulu, chikasu chake si chenicheni, mkondo wafupika. Kamnyamata kena kanangopempha pepala loonekera kuti kakope chithunzi cha Sub-Zero m'kope la sayansi, ndipo mwa onsewo ndi kokhako kamene kanapita kwawo kali ndi phindu. Mkulu wa kabaza sanakangane ndi munthu. Anaimirira, anakonza chipewa, n'kunena kuti Azungu abisa nkhani ya munda chifukwa cha manyazi a pabanja.

Musawaseke kwambiri anyamatawa, pakuti anzawo a kunja, okhala ndi intaneti yosatha ndi mashelefu a mabuku, amachita zomwezo mopitirira. Kampani ya Nintendo inatulutsa The Legend of Zelda mu 1986, ndipo magemu otsatira atachuluka, okonda gemuyi anatha zaka akukangana kuti nkhani iti inayamba, iti inatsatira. Anajambula mizere, anatukwanizana, anapempha kampaniyo kuti inene chatsitsa dzaye. Mu Disembala 2011, pokumbukira zaka 25, Nintendo inayankha ndi buku lalikulu la zithunzi, Hyrule Historia. Bukulo linati kuchokera pa gemu ya Ocarina of Time ya mu 1998 mbiri inagawikana njira zitatu, ndipo pa njira imodzi ngwazi yawo Link anagonja pankhondo yomaliza. Taganizani munthu amene anachezera usiku wonse, maso ali psuu, mpaka kugwetsa Ganon, mdani wa Link, ndi manja ake, lero akuuzidwa ndi buku kuti kwinakwake iyeyo analuza. Kukangana sikunathe, kunangopeza mutu watsopano. Komabe la Chingerezi litatuluka mu Januwale 2013, pa mtengo wa madola oposa 30, linakwera mpaka pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri pa Amazon. Anthu anagula kuti akapeze polikanira. Ndiye mu 2017 kunabwera gemu ina ya Zelda, Breath of the Wild, ndipo Nintendo sinafune kunena kuti ili pa njira iti mwa zitatuzo.

Okonda gemu ya World of Warcraft zinawaonekera zowawa kuposa apa. Mu 2016 kampani yopanga gemuyi, Blizzard, inayamba kutulutsa mabuku otchedwa Chronicle, okongola, olemera, ofotokoza chilengedwe cha dziko la gemuyo kuyambira pachiyambi, ndipo ogula anawalandira ngati chigamulo chomaliza. Patangopita zaka zochepa, nkhani zatsopano zitayamba kusemphana ndi mabukuwo, anauzidwa kuti zolembedwazo ndi mmene mbali imodzi ya milungu ya m'gemumo inkaonera zinthu. Kunena kwina, munagula umboni wa mboni imodzi pa mtengo wa chiweruzo.

Mortal Kombat ndiye katswiri pa khalidwe limeneli, ndipo inayamba kale. Makina oyamba a mu 1992 ankaonetsa adiresi pagalasi kuti wofuna kudziwa mbiri ya omenyanawo atumize ndalama papositi alandire kabuku ka zithunzi kojambulidwa ndi Tobias mwini. Dzaye linali pamsika kuyambira tsiku loyamba. Poyamba nkhani inali yosavuta: Sub-Zero anapha Scorpion, Scorpion wabwerako kumanda kudzalipsira. Mu 1993 tinauzidwa kuti Sub-Zero woyamba uja anafa, amene tikumuona ndi mng'ono wake wavala zovala za malemu. Mu 1997 kunatulukira mfiti yotuwa, Quan Chi, ndipo zinadziwika kuti ndi iyeyo anapulula banja la Scorpion n'kunamizira wina. Mu 2011 Raiden, mulungu wa mphezi, anadzitumizira uthenga m'mbuyo mwa nthawi, mbiri yonse n'kuyambiranso. Ikanakhala milandu ya kwa mfumu, mboni yosintha mawu chonchi akanailipiritsa nkhuku kangapo, mwina n'kuisamutsa m'mudzi.

Chomwe mabuku okongolawa satchula kawirikawiri ndi dzaye lenileni, poti silokoma kulijambula. Scorpion ndi Sub-Zero amafanana chifukwa anali munthu mmodzi. Opanga gemu yoyamba anajambula pakanema katswiri wa masewera a nkhonya ndi mateche, Daniel Pesina, atavala chovala chimodzi, kenako n'kusintha mtundu pakompyuta, uku chikasu uku buluu, pofuna kusunga malo m'makina amene anali ochepa mphamvu. Atapezeka ndi amuna awiri ofanana ngati mapasa, panafunika chifukwa choti azidana. Chidani cha zaka 30, mitundu iwiri yophana, mkazi ndi mwana wakufa, zonsezo zinabadwa chifukwa cha kuchepa kwa malo. Mnyamata wa Fomu 4 atawerenga zimenezi pafoni n'kuuza anzake, palibe anazilandira. Anthu amalola chifukwa chabodza chokhala ndi magazi kusiyana ndi choona chokhala ndi akawunti.

Kusiyana kwa bwalo ndi kampani kuli poyera. Nduna imafunsa chiyambi cha mlandu kuti mlanduwo uthe, olakwa alipe, anthu abwerere kumunda. Kampani imafotokoza chiyambi kuti mlandu usathe, chifukwa tsiku limene Scorpion ndi Sub-Zero adzagwirane chanza kosatha ndi tsiku limene anthu ena ku Chicago adzayambe kufunsira ntchito. Choncho buku lililonse limatseka khomo limodzi n'kutsegula mazenera awiri. Ine sindiwada nazo. Wogulitsa mtedza pa Kamwendo nayenso sakupatsa mbewu yoti usadzabwerenso.

Komatu ife kuno tili ndi amuna obisa nkhope athuathu, akale kuposa Midway, ndipo nawonso analembedwa m'buku la zithunzi. Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua m'boma la Dedza mu 1976. Kumeneko anasonkhanitsa nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo mu 2012 anatulutsa buku lalikulu lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, lofotokoza zilombo, maonekedwe ake ndi chimene chilichonse chimaphunzitsa. Apa n'kuti UNESCO italemekeza kale guleyu mu 2005. Atsibweni anga, amene chaka ndi chaka mu Ogasiti amaoloka malire kupita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, anaonetsedwa bukuli ndi mdzukulu wawo wa kukoleji. Anavala magalasi, anaona Chadzunda, anaona Maliya, anaona Simoni wofiira uja, akugwedeza mutu mokhutira.

"Mwaliona bwanji, agogo?"

"Ntchito yabwino. Munthuyu anakhala pansi n'kumvetsera." Anatseka bukulo n'kulibweza. "Amenewa ndi a ku Dedza. Athu ukawafuna, ukudziwa kolowera."

Sanakwiye, sanatsutse tsamba lililonse, sanafunse ngati wolembayo anagwirapo ng'oma. Kwa iwo buku ndi mlendo wabwino amene wanena zimene anaona kwina, ndipo gule akadali kudambwe, m'manja mwa eni ake, kumene chifukwa cha chilombo chilichonse sachigulitsa papositi. Anyamata a m'kanyumba kaja alibe mpumulo umenewo. Chinawapweteka si phala la Takeda ayi. Anazindikira kuti Scorpion, amene amutaira makobidi a sopo kuyambira ali ku pulayimale, amene amadziwa kumuyendetsa ndi zala ngakhale atatsinzina, ali ndi mwini wake kutsidya la nyanja, ndipo mwiniyo akhoza kudzuka m'mawa wina n'kumupatsa mkazi, mwana, chisoni kapena dzina lina popanda kufunsa aliyense wa ku Mchinji.

Ndipo anadzukadi. Mu Seputembala 2023 kunatuluka gemu yotchedwa Mortal Kombat 1, dzina lodabwitsa kwa gemu yobwera pambuyo pa ya nambala 11. M'menemo wankhondo Liu Kang, amene tsopano ndi mulungu, walenga dziko mwatsopano, ndipo wovala chikasu salinso Hanzo Hasashi. Ndi Kuai Liang, mng'ono wake weniweni wa Sub-Zero, bambo mmodzi, ndipo akusemphana pa za kayendetsedwe ka mtundu umene bambo awo anasiya. PlayStation ya m'kanyumba kaja singaikwanitse gemu imeneyi, koma nkhani siidikira makina. Mnyamata uja, amene pano anamaliza sukulu ndipo akugulitsa mayunitsi, anathamanga ndi foni m'manja mpaka pa siteji ya kabaza.

"Madala! Akuti ndi pachibale!"

Mkuluyo anali akupopa tayala lakumbuyo. Sanadzutse mutu n'komwe.

"Nanga ine ndinkati chiyani? Funsa bwino pafonipo, munda wake ndi maekala angati."