Tsiku limene ndinathamangitsa ankhoswe a rauta

Pa Ngabu pano anthu amanditcha Injiniya. Kalasi ya uinjiniya sindinaipondemo, koma ndili ndi kashopu ka fotokope, makompyuta anayi ndi sikuludiraiva ya chogwirira chofiira, ndipo kwathu kuno zimenezi n'zokwanira. Dzinali ndinkangodya nalo bwino mpaka mwezi wa Okutobala, pamene ndinaganiza zoligwirira ntchito.

Mlamu wanga wa ku Joni ananditumizira rauta yakale ya Cisco. Kabokosi kameneka kamalandira intaneti n'kuipereka kwa kanzake kotchedwa switchi, komwe kamagawira makompyuta onse. Nditalumikiza mawaya, zonse zinayenda bwinobwino, ndipo vuto linayambira pomwepo. Ine chinthu chikamayenda chokha popanda dzanja langa ndimaona ngati chikundinyoza.

Usiku wina kutentha kunandilanda tulo. Amene munagonapo ku Chigwa cha Shire mu Okutobala mukudziwa: madigiri amafika 40, mbuzi zimakanganirana mthunzi wa njinga. Ndinaonera kavidiyo pa foni, mzungu wina akuphunzitsa kulowa m'mimba mwa rauta ndi kakebulo kobiriwira ngati mtambo. Kavidiyoko kanali ka mphindi 20, koma bandulo yanga inathera pa mphindi yachisanu. Ndinati zotsalazo ndidzazitsiriza ndi nzeru zobadwa nazo.

M'mawa ndinalowadi. Pa liwiro panali 10, 100 ndi auto. Ine ndinapalasapo kabaza kuchokera pa Ngabu mpaka ku Bangula nditanyamula munthu ndi thumba la mapira, choncho za liwiro sindiuzidwa. Ndinalemba speed 100. Kenako panabwera chinthu chotchedwa duplex: half, full kapena auto. Sindinadziwe kuti n'chiyani, koma ndani angasankhe theka la nkhuku pamene yathunthu ili yaulere? Ndinalemba duplex full. Auto uja ndinamuona ngati wa anthu aulesi. Kagetsi kanayaka kobiriwira, ine n'kudzigulira fanta.

Kasitomala woyamba anatumiza uthenga wa WhatsApp, unapita. Wachiwiri anali mphunzitsi amene amafuna kutumiza masatifiketi ake ofunsira ntchito. Kamzere kanayenda pang'ono n'kuima njii, ngati lole ya thonje pa zikweza za pamwamba pa Thabwa.

"A Injiniya, kodi zipita lero?"

"Aphunzitsi, fatsani. Makinawa ndawawonjezera mphamvu, akungozolowera."

Dzuwa linapendeka asanazolowere. Masiku atatu otsatira ndinaimba mlandu aliyense. Ndinaimbira foni kampani ya netiweki n'kukalipira kamtsikana kaulemu kamene kanalibe tchimo. Ndinati ndi kutentha, ndipo ndinachotsa fani kuchipinda kwathu n'kuipatsa rauta, ife tikugona thukuta lili kamukamu. Ndinati ndi makoswe, ndinatchera misampha n'kugwira chala changa. Pofika tsiku lachitatu ndinayamba kuyang'ana ndi diso lina mnzanga wa fotokope wa tsidya la msewu, chifukwa makasitomala anga onse anali pamzere kwake.

Wondipulumutsa anali mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene akuphunzira za makompyuta ku MUST ku Thyolo. Anabwera kudzatenga nsomba zouma, koma anandipeza ndikupemerera rauta ndi katoni.

"Malume, mwagwira chiyani?"

"Palibe, mwanawe. Ndangokonza pang'ono."

Analemba show interfaces, ndipo panatuluka manambala. Anandilozera pamene panalembedwa CRC ndi runts. Nambala zake zinkakwera ngati Shire mu Januwale. Anati amenewo ndi mauthenga amene afika oduka mutu kapena opunduka.

Kenako anandikhazika pa benchi ya makasitomala n'kundiphunzitsa. Anati half duplex ili ngati bwalo la amfumu: amalankhula mmodzi, wina amadikira. Awiri akayamba pamodzi, onse amaleka, aliyense amadikira kanthawi kake, n'kuyambiranso. Njira imeneyi ndi yakale, ya nthawi imene makompyuta onse ankagwiritsa ntchito waya mmodzi. Anaiyambitsa Robert Metcalfe ndi anzake mu 1973 ku kampani ya Xerox. Nditamva Xerox ndinatukumuka, ndinati ndi abale athu a fotokope. Mwanayo sanaseke. Full duplex, anapitiriza, ili ngati msewu wa M1: wopita ku Nsanje ali mbali yake, wopita ku Blantyre ali mbali yakenso, palibe wodikira mnzake.

"Ndiye ndinasankha bwino!" ndinatero.

"Munasankha nokha, malume. Switchi munaiuza?"

Apa ndi pamene anandiululira za auto amene ndinamunyoza uja. Anati chiyambire 1995, pamene liwiro la 100 linabwera, makina awiri akangolumikizidwa amayamba atumizirana ankhoswe. Uyu amanena zimene angathe, uyonso zake, n'kugwirizana pa zabwino koposa zimene onse awiri angakwanitse. Ine polemba 100 ndi full ndi dzanja langa, ndinathamangitsa ankhoswe a rauta. Switchi inadikira, osaona munthu. Liwiro inatha kulizindikira pongomva mmene magetsi akuyendera m'waya, koma za duplex sizimveka choncho, ndipo lamulo limati ukapanda kuuzidwa, tenga half. Ndiye mbali ina inali kulankhula mosalekeza osamvera, inzake ikumaleka pakati nthawi iliyonse imene yadulidwa mawu. Timauthenga tating'ono tinkapeza mpata n'kudutsa. Zikuluzikulu, monga masatifiketi a aphunzitsi aja, zinkafera panjira.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndiye tiilembenso full switchiyo. Anati yanga ndi yotchipa ija yopanda polembera, imangodziwa ankhoswe basi. Anawonjezera kuti makina a liwiro la 1000 pa kebulo wamba safuna n'komwe zodumpha ankhoswe, ndiponso amagwiritsa ntchito timawaya tonse 8 ta m'kebulo, pamene a 100 amagwiritsa ntchito 4 tokha.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pomaliza. Anati 100 ndinkamunyadira uja ndi liwiro la pakati pa mabokosi awiriwo basi, kebulo ya mamita awiri. Intaneti yochokera pa nsanja ya netiweki imabwera ndi liwiro lakelake, ndipo silimva zolemba zanga. Ndinakumbukira doko la Nsanje limene linatsegulidwa ndi chimwemwe mu Okutobala 2010. Inenso ndinali nditamanga langa m'shopu: pokocheza pabwino, sitima osaoneka.

Analemba speed auto, kenako duplex auto, n'kutsiriza ndi write memory kuti magetsi akazima nzeru zanga zisadzukenso. Ntchito yonse sinathe mphindi ziwiri. Masatifiketi a aphunzitsi akanapita pompo, koma anali atapita kale kudzera tsidya la msewu. Safunsa adadya phula, ine ndinadya ndi mafuta a fani omwe.

Madzulo ndinafotokozera mayi a kunyumba nkhani yonse, ndikuikonza pang'ono kuti ioneke ngati tinatulukira awiri. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene ine sindinachitepo.

"Bambo a mwana, zimenezo mpaka mwana apite ku yunivesite? M'nyumba muno ndi mmene tikukhalira zaka zonsezi. Inu mumangolankhula, ine ndikayamba mumandidula, ndimaleka, ndimadikira, n'kuyambiranso. Za madzi osamba zimadutsa. Za malata ndi fizi sizinafikepo kumapeto."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma ndinakumbukira manambala a CRC aja, ndipo ndinatseka. Usiku umenewo fani inabwerera kuchipinda, nkhani ya malata inafika yathunthu, ndipo yandidyera ndalama zambiri kuposa rauta.

Ndiye inu anzanga a sikuludiraiva yofiira, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, mverani wolumidwa kale. Mukafuna kulemba liwiro ndi duplex ndi dzanja, lembani zofanana mbali zonse ziwiri. Ngati mbali inayo simungaifikire, siyani auto, ankhoswe agwire ntchito yawo.