Musanawotche Wailesi ya Apongozi

Mnyamata wina atamva kuti amisiri a zamagetsi amalemekeza kwambiri buku la The Art of Electronics, la Paul Horowitz ndi Winfield Hill, anathamangira kukaligula. Chibuku chake cha masamba oposa 1,000! Patatha mwezi mnzake anamufunsa: "Aise, lakuthandiza?"

"Kwabasi. Bedi langa lija linali lothyoka mwendo, pano ndikugona bwinobwino."

*

Buku la Make: Electronics, limene Charles Platt anatulutsa mu 2009, limayamba ndi kuuza wophunzira kuti akhudzitse lilime ku batire la 9V kuti amve kuluma kwa magetsi. Agogo ena atapeza mdzukulu wawo ali kalikiliki kunyambita batire, anakuwa: "Make mwana, tereka nsima msanga! Njala yamufikitsa pa mabatire mwanayu!"

*

Getting Started in Electronics, la Forrest Mims, linatuluka mu 1983 ndipo lonse ndi lolemba pamanja, ndi zithunzi zomwe. Mwana atabwera nalo kunyumba, bambo ake analitembenuza uku ndi uku, nkhope itachita tsinya.

"Iwe, ndakupatsa ndalama ya buku, wakagula notsi za mnzako?"

*

Za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, mukuzidziwa. Anabwereka buku la Using Energy ku laibulale, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga ya bambo ake, ali ndi zaka 14 zokha. Amene ankamunena kuti wapenga ndi omwewo anadzayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Bambo wina atamva nkhaniyi, n'kuona mwana wake akuchokera ku laibulale buku lili kukhwapa, anayamba kugona ndi njinga kuchipinda.

*

Mkamwini wina atangowerenga mitu iwiri ya buku la zamagetsi anadzipereka kukonza wailesi ya apongozi. Ataitseka, pamkeka panatsala timasikuluwu titatu ndi kawaya kofiira.

"Nanga izi, bambo?"

"Izi ndi banyira, amayi. Akampani anangoikamo."

Ataiyatsa, utsi tolotolo.

"Nanga utsiwu?"

"Akuulutsa nkhani ya moto wolusa, amayi."

*

Inu oyamba kumene, tengani la Mims kapena la Platt, mugule batire, ma LED angapo ndi multimeter. Lilime lanu lithere pa 9V pomwepo, chifukwa m'soketi muli 230V. TV yakale musaitsegule: ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.