Momwe mungapikisanire pa njinga popanda kuvutika ndi kupalasa

Masiku ano bwana aliyense amene dokotala wamuuza kuti BP yakwera amathamangira kukagula njinga, ndipo mwezi usanathe mumamumva akuti akulowa mpikisano. Inenso ndinalowapo kamodzi, kuchokera ku Zomba kukathera ku Blantyre, makilomita opitirira 60. Ndinamaliza wachiwiri kuchokera kumapeto, poti mnzanga wotsirizayo tcheni chinamudukira pa Namadzi. Ndiye khalani pansi ndikulangizeni.

Choyamba, musataye nthawi ndi kukonzekera. Gulani njinga basi. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, UCI, linalamula m'chaka cha 2000 kuti njinga ya mpikisano isachepere makilogalamu 6.8, ndipo yanu isapitirire pamenepo zivute zitani. Gulitsani ng'ombe imene anakusiyirani malemu bambo anu, mugule ya carbon yoti mwana wa mkaka n'kuinyamula. Mukatero chotsani belu, chotsani kaliyala, chotsani ngakhale tizivindikiro ta pa mavavu, mupepule magalamu angapo. Za makilogalamu 15 amene mwakhala mukusunga pansi pa malaya chikwezedwereni pantchito, musatchule. Mimba siili m'gulu la zipangizo za njinga.

Chachiwiri, zovala. Pamafunika kabudula wothina uja wa kasiponji kumatako, ndipo amavalidwa popanda wam'kati chifukwa misoko imatupula khungu mukakhalitsa pachishalo. Mukavala, dutsani pakhonde pamene akhala apongozi anu, muwapatse moni mwaulemu wonse mutanjuta. Iwo adzayang'ana kumbali, ndipo nkhani yanu idzakambidwa pamaliro atatu otsatizana. Nsapato nazo gulani zomatirira ku mapedulo. Kuti phazi lichoke mumapotolera chidendene kunja, koma zimenezi mudzazikumbukira mutagwa kale ngati thumba la chimanga pamaso pa amayi ogulitsa tomato pa Thondwe. Dzukani mwachangu, muyang'ane tayala mokwiya ngati ndilo lalakwa.

Wezulo ikalira, nyamukani ngati galu wa chiwewe ali pambuyo panu. Akuluakulu anati fulumira adadya gaga, koma iwo analibe magiya 22.

Lamulo lalikulu ndi ili. Wopalasa kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, chifukwa wakutsogoloyo ndiye akulimbana ndi mphepo. N'chifukwa chake pa mpikisano wa Tour de France mumawaona atathinana ngati njuchi. Mwambo wake ndi wakuti aliyense atsogoleko pang'ono kenaka apatuke, wina alowe. Inu mwambo umenewo usakukhudzeni. Pezani munthu wa msana waukulu, mumukakamire ngati nkhupakupa. Akakukodolani ndi chigongono kuti tsopano ndi nthawi yanu, tsokomolani, gwirani bondo, yang'anani kuphiri. Mukayandikira pothera, m'pitirireni mutakweza manja, kenaka mukamuuze kuti, “Achimwene, mwayesetsa ndithu.” Alipo amene anandichita zimenezi, ndipo nkhope yake sindinaiiwale.

Apa pokha ndisiye nthabwala. Mukakhala pagulu simugwira buleki mwadzidzidzi, simulola tayala lanu lakutsogolo kulowa pambali pa tayala lakumbuyo la mnzanu, ndipo mukaona dzenje mumalozera akumbuyo. Tsiku la mpikisano wathu uja msewu sunatsekedwe, tinkalimbirana ndi maminibasi ndi malole, koma ndinaona bambo wamkulu, wa ana ake, atakoleka helemeti pahandulo ati ikumutentha. Munthu wagula njinga ya mamiliyoni koma mutu wake akuuona ngati dzungu. Zimenezi zimandinyansa.

Za kudya tisachedwepo. Mphamvu yosungidwa m'minofu imatha mukapalasa mwamphamvu kwa ola limodzi ndi theka, choncho idyani nthochi njala isanakupezeni, imwani madzi ludzu lisanafike. Chubu ndi pampu musatenge, n'zolemera. Mnzanu adzakubwerekani.

Tsono mukamakwera mitunda ya cha ku Njuli, lilime lili panja, miyendo ikukokana, mudzamva belu kumbuyo. Musatembenuke. Ameneyo ndi wakabaza, ali pa njinga ya giya imodzi yolemera katatu kuposa yanu, wavala patapata, ndipo pakaliyala wanyamula mayi wa mwana kumbuyo ndi tambala m'manja. Adzakupitirirani akuimba mluzu. Mwina mayiyo adzakuuzani kuti, “Pepani bambo, limbikani.” Inu dziwani kuti ameneyo sanalembetse, alibe nambala kumsana, choncho sakuwerengedwa. Zoti iye amapalasa tsiku ndi tsiku kuyambira m'mamawa pamene inu mumapalasa Lamlungu lokha mvula ikapanda kugwa, n'zosafunika kuziganizira.

Chotsiriza, konzeranitu zifukwa, makamaka usiku woti mawa ndi mpikisano. Mphepo inali yochokera kutsogolo, kwa inu nokha. Giya inkadumpha. Nsima ya dzulo inali ya mgaiwa. Wina akakukumbutsani kuti Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana jezi yobiriwira ya Tour de France mu 2024, muyankheni kuti mnyamatayo anakulira ku Asmara, mamita opitirira 2,300 pamwamba pa nyanja, kumene mpweya wochepa umakhwimitsa magazi, pomwe inu agogo anu ndi a ku Nsanje. Akanenanso kuti mpikisano wa njinga wa padziko lonse unachitikira ku Kigali mu 2025, koyamba mu Africa muno, muuzeni kuti kalata yokuitanani inasochera.

Zikakanika zonse, musadikire galimoto yotola otopa, imachedwa. Imikani wakabaza uja pobwerera, mugwirizane mtengo wa ku Limbe. Njinga ya makilogalamu 6.8 imanyamulika bwino paphewa muli khale pakaliyala.